Zala Zotuwa za Bambo Masiye

Chiwagwetsereni sitiroko, bambo Masiye mawu analibe. Munthu woti anatsogolera kwaya ku Lewisham, ku Mangalande, zaka makumi atatu, chithawireni kuchoka ku Malawi nthawi ya chipani chimodzi, tsopano ankangokhala kumbuyo kwa tchalitchi n'kumagwedeza mutu. Zinkawawawa kwambiri. Kwaya inkakonzekera Pasaka popanda iwo.

Mayi Tambudzai, amene amakolopa holo ya tchalitchicho, ndiwo anatulukira bokosi m'kabati yakale. Munali matambula agalasi makumi awiri ndi anayi, aakulu ndi aang'ono, omangiriridwa pathabwa. Abusa anati n'choyimbira cha zaka mazana awiri zapitazo: umanyowetsa chala n'kumachizunguliza m'mphepete mwa tambula, iyo n'kumalira.

Bambo Masiye anasendeza mpando. Dzanja lamanja linkagwirabe ntchito. Ananyowetsa chala, kuzunguliza, koma zii. Mawa lake chimodzimodzi. Sabata yathunthu chala chinkangoterereka, chonsecho mayi Tambudzai, oti nyimbo sadziwa ndi imodzi yomwe, akangokhudza tambula inkalira. Madalawo anayamba kukhulupirira kuti matenda awalanda ndi ichi chomwe.

Lachisanu anawaperekeza ndi mwana wawo, Florence. Atangokhala pansi, Florence anatulutsa kabotolo ka vaselini m'chikwama n'kuyamba kuwadzoza manja, monga ankachitira tsiku lililonse. Bambo ake kutuwa pagulu iye alipo? Azimayi a mumpingo akanamudya wamoyo.

Mayi Tambudzai anaima, mopu ili m'manja.

"Florence, umawadzoza chonchi every day?"

"Ee mayi, ndi cold yakunoyi amatuwa."

"Ndiye glass ilira bwanji? Taona angawa." Anatambasula manja awo okhakhala, odyeka ndi sopo. "Tiyeni ku sinki, bambo."

Anawasambitsa m'manja ndi sopo wotsukira mbale kawiri konse, mpaka zala zinati mbuu. Florence anayang'ana kumbali ndi manyazi.

Chala chinazungulira kamodzi, kawiri. Kachitatu tambula inayamba kulira, mawu oonda koma omveka mpaka kukhomo. Bambo Masiye anapita pa ina, kenako pa ina, khutu lili tcheru, mpaka anapeza mzere woyamba wa nyimbo ya Pasaka. Misozi inatsika ndipo sanaipukute, poti dzanja linali lotanganidwa.

Akwaya anali atalowa kale kudzayeserera, majekete ali m'thupi. Reinford, amene ankatsogolera kwaya tsopano, anawaimika m'mizere n'kukweza dzanja kuti ayambe. Analitsitsanso, n'kutembenuka.

"Bambo, mwezi wonse uno tikumayamba too high. Tipatseni key yoyambira nyimbo."

Bambo Masiye anaviika chala m'madzi mosafulumira. Anthu makumi awiri anatchera khutu, kuwadikira.