Tsiku Limene Sanjaa Anatontholetsa Injini

Udzu unayenera kufika kwa a Luvsan Lachiwiri. Chipale chofewa chinali chitakwirira msipu wonse, ndipo nkhosa za mkuluyo zinali zitayamba kuzulana ubweya ndi njala. Amene analonjeza kubweretsa udzu woumawo anali mkamwini wawo, Sanjaa, dalaivala mnzathu wa lole ya dizilo kuno ku Uliastai.

Komatu Sanjaa mutu wake sunali pa nkhosa ayi. Injini yake inkalira kuti tiki-tiki-tiki, ndipo atapita kwa apongozi ulendo watha, alamu ake anamuseka kuti wabwera atakwera makina osokera. Mawu amenewo anamukhala pakhosi miyezi inayi yathunthu.

Loweruka anapita ku galaja ya mayi Tsermaa, makaniko amene anatiphunzitsa ambirife kugwira sipanala. Mayiwo anangotchera khutu n'kunena kuti mpata wa mavalavu, tizitseko ta mu injini, wakula. Anamufunsa kuti anauyezetsa liti, iye n'kungokanda kumutu. Makilomita amene buku la loleyo limalamula anali atapitirira kalekale.

"Uyisiye igone muno, tiyeze mawa itazizira," anatero mayi Tsermaa. "Chitsulo chikatentha chimafutukuka, n'chifukwa chake pamakhala kampata. Mpata ukakula, injini imasokosa n'kuchepa mphamvu. Koma ukachepa, valavu siitseka bwino, moto umaidya."

Sanjaa anavomera ndi pakamwa pokha. Pamalo opakira udzu anakumana ndi Purev, dalaivala wina wodziwa zonse koma wosakonzapo kanthu.

"Iwe, kudikira mawa ngati uli kuchipatala? Tsegula chivindikiro cha injinicho, umange mpaka ikhale chete. Apongozi akangoona watulukira."

Ndiye munthu wamkulumkulu, wa ana atatu, anamveradi zimenezo. Anamanga mavalavu injini ikadali yotentha, wopanda geji yoyezera mpata, wopanda kuyang'ana nambala ya m'buku. Ataliza, injini inali phee. Ananyamuka Lolemba akumwetulira, udzu uli tho.

Pachitunda choyamba lole inayamba kutsokomola. Iye anangoponda moto. Pofika pachitunda chachitatu inali ikukoka ngati ng'ombe yodwala, utsi woyera uli tolotolo, kenako inazima osadzukanso. Anachita kukokedwa ndi thalakitala kubwerera m'tauni, madalaivala tonse tikuona. Lole ina yoti n'kutenga udzuwo panalibe, pakuti zonse zinali m'njira kupulumutsa ziweto za anthu ena.

Mayi Tsermaa atatsegula injini anapeza mavalavu awiri atapsa, m'mphepete mwake mutadyeka. Anamuika imodzi m'manja, n'kumufunsa amene anamanga. Sanjaa anafuna kutchula Purev, koma sipanala inali m'manja mwa ndani? Manyazi anamugwira mpaka m'makutu, ndipo anangoti, "Ndine, mayi."

"Phokoso lija linali kukuuza kuti bwera udzayezetse," anatero mayiwo. "Iwe walitseka pakamwa. Gwira gejiyi, lero uphunzire."

Zipangizo zinachokera ku likulu, ku Ulaanbaatar, ndipo zinatenga masiku asanu. Zitafika, mayi Tsermaa anamuimirira pambali iye akuyeza yekha, valavu imodziimodzi, injini ili yozizira, kachitsulo kopyapyala ka gejiyo kakulowa mogwira pang'ono. Anamuuzanso kuti injini ikatsegulidwa chonchi mpata umayezedwa mwatsopano, ndipo ikayamba kuvuta kudzuka kapena kufooka pachitunda, asamadikire.

Anafika kwa apongozi Lachiwiri la sabata yotsatira. Kuseri kwa khola kunali mulu wa nkhosa zakufa, zitauma gwa ndi chisanu. Alamu ake aja anali pomwepo akusenda zikopa, ndipo palibe amene anamuseka. Bola akanamuseka. Sanjaa analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

A Luvsan anamulandira ngati mlendo aliyense. Anamulowetsa m'tenti yawo yokhalamo, kumupatsa tiyi wa mkaka, kumufunsa za mwana wawo ndi zidzukulu. Sanjaa anafotokoza zonse, osabisa, maso ali pansi. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, osamudula mawu.

Atatuluka, Sanjaa anakwera pa lole n'kuyamba kumasula zingwe mwamphamvu, kuti mwina ntchito imubise nkhope. Atatsitsa mitolo ingapo, a Luvsan anakweza dzanja.

"Basi, akamwini, tsitsani theka lokha. Nkhosa zatsalazi sizingamalize udzu wonsewu. Winawo mukapatse aneba."

Phunziro: Yezetsani mpata wa mavalavu pa nthawi imene buku la galimoto lanena, komanso injini ikayamba kusokosa, kufooka kapena kuvuta kudzuka. Yezani ndi geji, injini ili yozizira. Osamanga mavalavu pofuna kungothetsa phokoso.