Khoma Lomwe Amisiri Anagumula

"Pang'onopang'ono, Bambo, fumbi lingalowe m'kabati!" anakuwa mpongozi wa Amisiri, mkazi wa mwana wawo, atatseka mphuno ndi mpango.

Amisiri anangoseka, nyundo ili m'manja. Zaka makumi atatu akumanga nyumba za eni, ndiye lero aphunzitsidwe kugumula khoma ndi munthu wopaka utoto m'zikhadabo? Komabe mtima wawo unali mbee. Chibwerere m'fulati ya mwana wawo, mkazi wawo atamwalira, palibe anali atawatumako ngakhale kukhoma msomali. Ankangobindikira m'kachipinda kawo ngati sutikesi yakale. Tsopano ankafunika.

Fulatiyo inali pansanjika yachitatu, yaing'ono moti wina akatsegula filiji, mnzake ankadikira kaye kuti adutse. Nzeru inachokera kwa mpongozi: khoma la pakati pa balaza ndi kachipinda ka Amisiri ligwe, kuwala kulowe, malo akule.

"Nanga ine ndizigona pati?" anali atafunsa Amisiri.

"Masiku ano kuli mabedi opinda, Bambo," anayankha mwana wawo, maso ali pafoni. "Masana ndi kabati, madzulo ndi bedi. Musade nkhawa."

Milungu itatu Amisiri anagona pamatiresi kukhitchini, osadandaula. Zidutswa za njerwa ankazitsitsa okha m'thumba, sitepe ndi sitepe, akuimba mluzu. Mayi wokhala m'fulati yapansi anawapeza akupuma pakona.

"Mwawalatu masiku ano, Amisiri! Koma paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi."

"Ine ndine tonde wakale, mayi. Nyama yanga ndi yolimba, angagule ndani?"

Ntchito inatuluka yoti munthu n'kuvula nsapato pakhomo. Pulasitala anasalala moti sukanaloza pomwe panali khoma. Matailosi anagona mzere umodzi, mashelefu anakwera mpaka kudenga kuti pansi pakhale poyenda. Amisiri ankaika levulo paliponse, n'kuitana mpongozi kuti adzaone yekha kadontho kali pakatikati.

Loweruka katundu anafika: sofa yotuwa, tebulo lagalasi, nyale yaitali ngati munthu. Amisiri anaima pamasitepe n'kumalangiza onyamula pokhotera, maso ali pagalimoto.

"Bedi latsala m'mbuyo, eti?"

"Bedi lanji, madala?" anatero mmodzi wa onyamulawo. "Katundu watha ameneyu."

Atalowa anapeza mpongozi akukankhira mphika wa maluwa pakona pomwe pankakhala mutu wa bedi lawo. Maluwa ake apulasitiki.

"Bambo, tinayeza," anayamba mwana wawo, akukanda m'khosi. "Bedi lija silikwana."

"Munayeza liti? Woyeza m'nyumba muno ndine. Tepi ili m'thumba mwangamu."

Mwana wawoyo, mnyamata wa ndevu zake, anayang'ana matailosi ngati akuwawerenga. Mpongozi ndiye analibe nthawi yozungulira.

"Takupezerani chipinda kumapeto kwa tauni, Bambo. Kuli mpweya wabwino, kulibenso masitepe. Tikuganizira mawondo anuwo."

"Mawondo omwewa atsitsa khoma lonse pamasitepe amenewo."

"Ndiye apume tsopano," anatero mpongozi, akumwetulira.

Manyazi anawagwira Amisiri kuposa mkwiyo, manyazi a munthu amene wavina yekha osadziwa kuti anthu akumuseka. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, unkadziwa kuyambira tsiku loyamba?"

Anayankha ndi mpongozi. "Tikanakuuzani, mukanaigwira bwino chonchi ntchitoyi?"

Amisiri analongedza nyundo, levulo ndi malaya awo atatu m'chikwama chimodzi. Palibe anawauza kuti achoke tsiku lomwelo, koma palibenso anati akhale. Pakhomo anaima, natambasula dzanja.

"Ndipatse kiyi wanga. Ndizibwera kudzakuonani."

"Loko watsopanoyu ali ndi makiyi awiri okha, Bambo," ananong'ona mwana wawo.

"Lokoyu ndamuika ndine dzulo, mwanawe. M'paketi munali makiyi atatu."

"Wachitatu ndi wa wantchito," anatero mpongozi. "Ayamba Lolemba. Nyumba yoyera chonchi imafuna munthu woisamalira."

Amisiri anakoleka chikwama paphewa. Povala nsapato, anagwira khoma ndi dzanja limodzi.

"Bambo, Bambo!" anathamangira mpongozi. "Musatsamire khomalo, penti sanaume."

Amisiri anachotsa dzanja lawo msanga. Anali penti wabwino, ndipo iwo sanali munthu woononga ntchito.