Mkodzo wa Mkulu wa Mpingo

Namwino wa pamalo oyezera ofuna ntchito anabwera ndi kabotolo ka mkodzo wa a Dunstan m'manja, nkhope itasintha. A Dunstan anali atavala kale jekete, mtima uli kunyumba kukauza mkazi wawo Felesta kuti ntchito yoyendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, pamsika wa zamasamba ku Canning Vale mumzinda wa Perth, kutsidya kwa nyanja, yatheka. Namwinoyo anawapempha kuti akhale kaye pansi. Anati mumkodzo mwawo mwapezeka mankhwala amphamvu opha ululu, a gulu lija ena amaledzera nalo, ndipo ngati palibe dokotala amene anawalembera, olemba ntchito auzidwa mmene zilili.

A Dunstan anaseka, poti nkhaniyo inali yoseketsadi. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosadziwa ndi kukoma kwa mowa komwe. Koma kusekako kunatha atakumbukira timapiritsi toyera timene ankamwa msana ukavuta.

Msanawo anauwonongera kumigodi ya kumpoto, komwe ankapita pandege kukakonza makina nthawi imene ndalama zinkachita kutoledwa. Mtengo wa miyala ya m'migodi utagwa, kampani inawatsazika, ndipo bambo amene ankatumiza malata kumudzi anayamba kudalira chithandizo cha boma. Masiku amenewo mawailesi ankangokamba za ganizo loti olandira chithandizo aziyezedwa ngati akugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. A Dunstan anali atalivomereza ganizolo mokweza pakhomo pa tchalitchi. Ankati msonkho wa anthu usamathere m'chamba, ndipo wosalakwa alibe choopa. Tsono ntchito ya kumsikayi anawapezera ndi a ofesi ya chithandizo yomweyo, moti kulephera kwake kunafunika kukakufotokoza pamaso pawo. Iwo ankaopa kuti ndalama ziimitsidwa, koma chomwe chinkawawawa kwambiri chinali dzina lawo.

Mapiritsiwo anawapatsa ndi Mayi Margreth, mayi wamasiye wa mumpingo mwawo, wogwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Anawaona tsiku lina akulephera kudzuka pampando nthawi ya nyimbo, ndipo Lamulungu lotsatira anawafumbatitsa m'kapepala. Anali otsala a nkhalamba ina imene inamwalira, oyenera kutayidwa. Kwathu mankhwala timagawana ngati mchere. Wopatsa saganiza kuti akulakwa, wolandira safunsa kumene achokera, ndipo kutaya chinthu choti chingachize mnzako ndiye timati nkhanza.

Felesta anamva nkhaniyo atangotsika basi kuchokera ku Murdoch, komwe ankakolopa m'maofesi. Sanavule ndi nsapato zomwe.

"Ndiye vuto lili pati, bambo a Tasha? Mukawauze a ku ofesiwo amene anakupatsani. Mwanama kodi mukatero?"

"Sindinganame, koma mayi ujayo ntchito imuthera. Chitupa chake chokhalira kuno chinamangiriridwa pantchito yomweyo. Ana ake awiri aja apita kuti?"

"Nanga wanu apita kuti? Chifundo chinapha nkhwali, bambo. Inu mukufuna kukhala nkhwali ya mu Perth muno?"

Felesta anatenga foni n'kuwaimbira yekha Mayi Margreth, n'kuiika poti onse azimva. Mayiwo atamvetsa chomwe chachitika anayamba kulira. Anati sankadziwa kuti timapiritsi tija tingaoneke m'makina, anati akatchulidwa apolisi alowererapo, ndipo iwo ndi ana akwezedwa ndege yobwerera kumudzi. Sanapemphe kuti awabise. Anangoti, "Achimwene, chitani chimene Mulungu akuuzeni," n'kudula foni. Felesta anati mawu amenewo ndi ochenjera kuposa kupempha, chifukwa amasiya katundu yense pamutu pa mnzako. Sanalakwe kwenikweni.

Tsiku lokaonekera ku ofesi, a Dunstan anavala suti yawo ya mgonero. Anakhala pamzere umodzi ndi anyamata a maso ofiira, omwe aja ankawanena pakhomo pa tchalitchi, ndipo anachita manyazi osadziwa poyang'ana. Mayi wa mu ofesiyo anali waulemu, zomwe zinangowonjezera kuwawa. Anawafunsa mofatsa kumene anapeza mankhwalawo, n'kunena kuti ngati pali wina wa zachipatala amene akugawira anthu mapiritsi, nkhaniyo ndi yaikulu ndipo iyenera kupita patsogolo.

Dzina la Margreth linafika pamilomo. Linali loona, ndipo likanawatsuka pompo.

"Ndinagula mumsewu ku Northbridge," anatero a Dunstan. "Kwa munthu wosamudziwa."

Mayi wa mu ofesi uja anagwedeza mutu ngati amene wamva zimenezi kambirimbiri. Anati ndalama siziima malinga ngati avomera kumakasonkhana ndi gulu la anthu ofuna kusiya mankhwala. Za ntchito ya kumsika sanazitchulenso, ndipo a Dunstan sanafunse.

Felesta atamva, anakhala masiku osawalankhula kupatula za chakudya. Tsiku lina anangoti, "Mwagula mtendere wa eni ake ndi nkhope yanu. Tione ngati adzakubwezereni."

Chinsinsi cha Amalawi a ku Perth sichigona. A Lamson, mnzawo wa mumpingo amene ankayendetsa takisi, anawaona akulowa m'holo imene gulu lija limakumana, ndipo pofika Lamulungu nkhani inali itazungulira mafoni onse. Ena ankati n'chifukwa chake anachotsedwa kumgodi. Ena ankakumbutsana mmene ankalalatira za chamba, n'kumati mbuzi yolira kwambiri ndiyo imadya chimanga. Akuluakulu anzawo anawaitanira pambali mapemphero asanayambe, n'kuwapempha mwaulemu kuti ayambe apumula paudindo mpaka zinthu zitakhala bwino. A Dunstan anavomera, ndipo anakakhala kumbuyo pafupi ndi mkazi wawo.

Itakwana nthawi yopempherera odwala, abusa anati pali m'bale amene wagwa m'chiyeso, osamutchula dzina, ngakhale mitu yonse inali itatembenuka kale. Kenako anayang'ana kwa amayi n'kusankha munthu wodziwika ndi pemphero lamphamvu.

"Mayi Margreth, tatsogolereni."

Mayiwo anaimirira. Felesta anawayang'anitsitsa, akudikira kuti mwina anena chilungamo pamaso pa mpingo. Mayi Margreth anatsinzina, n'kupempha Mulungu kuti amasule m'baleyo ku unyolo wa mankhwala, amuchotsere chilakolako choipa, ndipo amubwezere ulemu wake. Analira kwambiri popempherapo, moti amayi ena analira nawo poona chikondi choterocho.

Mpingo wonse unati ameni. A Dunstan nawonso anati ameni, motsitsa mawu. Felesta anatola chikwama chake n'kutuluka kukadikira basi.