Mtengo Wovala Chofiira

Marva Quashie sankafuna kutchedwa mlendo pachilumba cha Tobago. Anabadwira konko, mchombo wake unakwiriridwa konko, ndipo pa hotela panalibe amene anali asanamve zimenezi kawiri katatu, kuyambira wophika mpaka mlonda wa pageti. Chimene sankanena n'chakuti anachoka ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi kupita kutsidya kwa nyanja, ku mzinda wa Leeds, ndipo zaka makumi asanu zinatha osapondanso.

Tsopano anabwera kudzapuma ndi mdzukulu wake Keziah, wa zaka zisanu, mwana mmodzi yekhayo wa mwana wake Simone. Kuti Simone alole inali ntchito. "Amayi, mwana ameneyu ndinamudikira zaka khumi. Mundibweretsere wamoyo," anatero pabwalo la ndege. Pakamwa pankaseka koma maso ayi.

Tsiku lofika, a pa hotela anawaveka tizibangili tofiira tapulasitiki pamkono.

"N'tachiyani, agogo?" Keziah anafunsa.

"Aliyense wovala chofiira ndi wa hotela yathu. Ukaona chakudya, umangotenga n'kudya."

Mtsikana wolandira alendo anawapatsanso langizo: ogulitsa malonda pagombe amakakamira, musawayang'ane kumaso, mungoti ayi zikomo n'kumapita. Langizo limeneli Marva analisunga kuposa vesi la m'Baibulo.

Tsiku lachitatu, atadya nkhanu masana, anatopa ndi phokoso la alendo, ndiye anagwira mwana dzanja kulowera kumapeto kwa gombe kumene kunali zii. Panjira anadutsa mayi wina wamkulu thupi, atakhala pansi pa ambulera ndi thireyi ya maswiti a chitowe ndi a kokonati.

"Mayi! Inu achipewa inu!" mayiyo anaitana. "Mukafika uko…"

"Ayi, zikomo."

"Sindikukugulitsani kanthu! Ndikuti…"

"Ndati ayi, zikomo. Ine ndi wakonkuno, musandione chipewachi."

Marva anapitirira khosi lili gwa. Mayi uja ankalankhulabe mothamanga, m'kalankhulidwe ka pachilumbapo, koma mawu ake ankangopita ndi mphepo. Keziah ndiye anatsalira kumbuyo akumuyang'ana, mpaka agogo ake anachita kumubwerera n'kumukoka.

Mvula ya kumeneko siodira. Kumwamba kunangoda kamodzi n'kamodzi, kenako pwata pwata pamchenga. Pafupi panali mtengo waukulu wamasamba onyezimira, nthambi zake zotambalala bwino, ndipo anathamangira pamenepo. Pathunthu pake wina anali atazunguliza penti yofiira.

"Agogo, taonani! Mtengowu wavala chofiira ngati ife!"

Marva anaseka. "Ndiye kuti ndi wa hotela yathu."

Pansi panali mbwee tizipatso tobiriwira, tonga timaapulo, tonunkhira bwino. Keziah anatola tiwiri, n'kubwera nato. Anatambasula dzanja. "Agogo, kodi…"

Marva sanadikire. Anatenga kamodzi, kukapukuta pa bulauzi, n'kuluma. Kanali kotsekemera zedi. Anameza, n'kutembenuka kujambula mvula pa foni, n'kumutumizira Simone. Madontho ochokera m'masamba ankagwera pamapewa pa mwana, iye osalabadira.

Kenako anamva kukuwa. Mayi wa maswiti uja ankabwera chothamanga mumvula, nsapato kumanja, thireyi atayisiya kumbuyo.

"Chokani pamenepo! Chokani! Manchinili umenewo!"

Manchinili. Mawu amenewa Marva ankawadziwa. Malemu mayi ake ankawanena m'khitchini ku Leeds akamadandaula za munthu woipa mtima: "Uja ndi manchinili, mthunzi wabwino koma ukakhalapo uchokapo ndi matuza." Zaka zonsezi, anthuni, Marva ankayesa kuti ndi dzina lotukwanira anthu. Sankadziwa kuti ndi mtengo.

Anayang'ana mdzukulu wake. Manja a Keziah anali opanda kanthu. Kachipatso kachiwiri kaja panalibe.

Mayi uja sanapereke moni. Ananyamula mwana ngati thumba la ufa, kuthamanga naye kunyanja, kumumiza mpaka m'khosi, n'kumamutsuka mapewa ndi nkhope. "Usatikite m'maso, mwanawe! Usatikite!" Atacheuka anaona chotsala cha chipatso m'manja mwa Marva, ndipo nkhope yake inasintha.

"Mwaluma? Mwameza? Ambuye Yesu! Nanga mwanayu?"

"Keziah, wadya?" Marva anafunsa. "Tandiuza, mwana wanga, wadya?"

Keziah anangomuyang'ana, maso ali tong'o, milomo atayitseka kuti ndii. Sanagwedeze ngakhale mutu.

Apa m'pamene moto unayamba m'kamwa mwa Marva. Poyamba unali ngati tsabola, kenako unatsikira kummero, moti kumeza malovu kunali ngati kumeza magalasi osweka. Koma ululuwo sunamuopse chifukwa cha iye mwini. Chimene ankaganiza chinali chimodzi: ngati ine nkhalamba zikundichita chonchi, nanga kammero ka mwana kaja? Kakutupa. N'chifukwa chake sakulankhula.

"Selwyn!" mayi uja anakuwira msodzi wina amene ankakweza nsomba m'galimoto pamsewu. "Siya zimenezo, liza galimoto! Adya manchinili awa!"

"Adya? Penti yonse ija osayiona? Mayi Eudine, alendo anuwa adzatipha ndi mtima."

"Pakamwa pako! Yendetsa!"

Anapanikizana kutsogolo onse anayi, mwana ali pamiyendo pa agogo ake. Galimoto inkanunkha nsomba, ndipo msewu unali wokhotakhota kukwera phiri. Pamapewa pa Keziah panayamba kufiira, timatuza tikutuluka m'mene munadutsa madontho. Marva anaika khutu pamsana pa mwana kuti amve ngati mpweya ukulowa. Unkalowa, koma mothamanga, ndipo thupi lonse linkanjenjemera.

"Lankhula naye, asagone," Eudine anatero.

Marva anayesa, koma mawu anakana kutuluka. Kummero kunali kutatsekeka, kunkangomveka kachiphokoso ngati ka nkhuku yodwala chitopa. Keziah atamva zimenezo anabisa nkhope m'manja.

Foni inalira m'chikwama. Pagalasi panatuluka dzina la Simone, amene anali ataona chithunzi cha mvula chija. Marva anangoiyang'ana mpaka inasiya. Akanati chiyani? Kuti ndinamuuza ndine kuti chovala chofiira n'chathu? Kuti munthu anandichenjeza ine n'kumuyankha ayi zikomo? Anapemphera chamumtima, pemphero losalongosoka: Mulungu, tengani ine, ndadya kale zanga, mwanayu musiyeni.

Kutsogolo kunali basi ya alendo ikuyenda ngati ikuperekeza maliro. Selwyn analiza hutala, kutulutsa mutu pawindo. "Iwe! Msewuwu unagula? Patuka!" Anaidutsa pakona, matayala akulira, Eudine akuitana mayina onse a Mulungu amene ankawadziwa.

Pachipatala chaching'ono cha m'tauni, namwino sanafunse zambiri atamva dzina la mtengowo. Anafuna kuyamba ndi Marva, koma iye anakankha dzanja lake n'kuloza mwana.

"Tsegula pakamwa, mami, ndione," namwino anatero atagwada ndi tochi.

Keziah analuma mano.

"Ukapanda kutsegula sindingakuthandize. Pakupweteka?"

Zii. Namwino anayang'ana Eudine. "Ngati watupa mkati, tifunika ambulansi ya ku chipatala chachikulu. Ndiimbe?"



"Dikirani kaye," Eudine anatero. Iye analera ana asanu ndi awiri, ndipo anali ataona kuti chifikireni dzanja lamanzere la mwanayo silinachoke pathumba la kabudula. Anakhala pansi penipeni, madzi akudontha m'diresi. "Mwanawe, m'thumbamo muli chiyani? Palibe akumenye. Ndionetse ine ndekha."

Pang'onopang'ono Keziah anachotsa dzanja. Eudine anapisamo ndi kansalu, n'kutulutsa kachipatso kaja. Anakatembenuza uku ndi uku pansi pa tochi. Kanali kathunthu, kopanda ngakhale dzino limodzi.

Ndiye mwana anaphulika kulira, kukamwa yasa, ndipo namwino anaona zonse mpaka kummero. Munali bwinobwino. Marva anangoti khwaa pampando, misozi ikutsika yokha.

"Nanga osanena bwanji, iwe?" Eudine anafunsa. "Watitayitsa mtima tonse!"

"Ndimaopa," Keziah anatero akusisima. "Ndawapatsa ndine agogo. Ndawapha ndine."

"Sunaphe munthu. Agogo akowa safa, angokhala masiku angapo osalongolola, dziko lipumeko."

Namwino anatsuka manja a mwana, kumupaka mankhwala pamapewa, kenako anabaya Marva jakisoni n'kumugoneka. Anati agone konko kuti amuyang'anire, koma mpweya ukudutsa, achira. Eudine anatuma Selwyn kukagula mkaka wozizira, n'kumamumwetsa Marva pang'onopang'ono ngati khanda, uku akumukalipira. "Safunsa anadya phula, mayi. Wakonkuno wake uti wobisala mvula pansi pa manchinili? Ngakhale mbuzi zimaulambalala."

Marva anakodola mdzukulu wake, kumukumbatira mosamala kuopa matuza, n'kunong'ona movutika: "Unadziwa bwanji… kuti usadye?"

Keziah anapukuta mphuno. Anayang'ana agogo ake modabwa, ngati funsolo linali lachibwana.

"Mayi awa ananena, agogo. Anati timaapulo ta uko musadye, timapha. Koma mtengo uja unavala chofiira, ndiye ndimafuna ndikufunseni kaye ngati ndi tomweto. Inu munangoluma." Analoza Eudine. "Simunawamve? Amalankhulatu ngati mmene mumalankhulira inu mukakwiya."

Foni inayambanso kulira. Marva anayang'ana dzina la Simone, anayang'ana mwana, kenako anapereka foniyo kwa Eudine ndi manja awiri.

Eudine anailandira, n'kukhosomola. "Halo? Ayi, si amayi anu, ndine Eudine wa maswiti. Mwana wanu ali bwino, ndi uyu akundikoka diresi. Tsopano khalani pansi, mundimvere mpaka ndimalize. Musanditi ayi zikomo."