Tinyanga ta Pakhonde la Gideoni

Manesi anaphedwa ndi kanthu kosaposa chala cha mwana. Mwamuna wake ndiye anakafukula pakhonde, khanda lawo litangomwalira. Kanali kofiirira ngati fodya wouma, khungu lake gwa, timinga titandandalika m'mizere kumsana, timiyendo titamatirira pachifuwa. Kumutu kunali tinyanga takuda tosongoka, ndipo ukakakhudza kankapinda mchira.

"Nyanga iyi! Mkaziyu wandidyera mwana!" anakuwa mwamunayo.

Anthu a m'mudzi uja, m'munsi mwa phiri la Ntchisi, anangomva liwu limodzi lokha, nyanga. Anam'mwetsa mwabvi Manesi kuseri kwa phiri poopa aboma, ndipo sanasanze. Mtembo wake anakautaya kuthengo monga amatayira mfiti. Mwamunayo sanachedwe ayi. Anakakwatira kufupi ndi Mvera, n'kulowa kalasi ya ubatizo, n'kuyamba kudzitcha Gideoni, nkhope ili ndwii ngati munthu wosaphapo ndi nsabwe yomwe.

Elube, mkulu wake wa Manesi, anatsala ndi zinthu ziwiri, mkwiyo ndi mwana wamkazi wa malemuyo. Mwanayo anzake ankamuthawa kuchitsime, amvekere mwana wa mfiti. Dzina limenelo linkamuwawa Elube kuposa maliro.

Mvula ili pafupi, Elube akusosa m'munda mwake mwamchenga, anaona kanthu komwe kaja katasuzumira m'dothi. Kanadzikankha ndi timinga take mpaka kutuluka theka, kenaka msana unang'ambika, ndipo munatuluka chintchentche chandevu, cha miyendo italiitali, chija chimagwira njuchi m'malere n'kuiyamwa. Elube anakhala pansi n'kulira mokweza. Mng'ono wake anafera chikwa cha ntchentche!

Atapukuta misozi anayamba kukumba. Anatolera todzaza chikhatho, n'kutisunga ndi mchenga m'kamphika. Anatsika nato mapiri mpaka kwa Gideoni, anafika dzuwa lili paliwombo anthu ali kumunda, ndipo anatikwirira pakhonde. Manyazi analibe, ndipo wofuna kumudzudzula ayambe wataya mbale wake kuthengo.

M'mawa mwake akulu a mpingo anabwera kudzamufunsa Gideoni mafunso omaliza, poti ubatizo unali tsiku lotsatira. Ali mkati moyankha, Elube anatulukira, khasu lili paphewa.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Ndamva mawa mukusambitsidwa machimo."

"Mwatsata chiyani kuno, alamu?" anafunsa Gideoni.

Elube anangotema khasu pakhonde, ndipo tinthu tija tinagubuduzika pamapazi a akuluwo, tikupinda michira, tinyanga tili njo. Mkazi watsopano wa Gideoni anakuwa n'kuthawira kwa amayi ake. Posakhalitsa mudzi wonse unali pabwalo, ndipo liwu lija linayamba kuyenda pakamwa ndi pakamwa.

"Kamodzi kokha kanakwanira kupha Manesi," anatero Elube. "Nanga tonseti, alamu, mumwa mwabvi wochuluka bwanji?"

Gideoni anayang'ana alamu ake atsopano, amene anali atatola kale zibonga. Thukuta linali kamukamu.

"Abale, si nyanga izi! Ndi tizilombo ta m'dothi chabe, timasanduka ntchentche! Ine ndakhala ndikutifukula m'munda chiyambire ubwana wanga!"

Elube anamva ngati wina wamumenya pachifuwa. Masiku onsewa ankayesa kuti munthuyu anaphetsa mkazi wake chifukwa cha umbuli. Chonsecho mwamunayo ankadziwa bwinobwino kuti si nyanga.

"Chiyambire ubwana wanu," anabwereza Elube pang'onopang'ono. "Nenaninso mokweza, alamu, akuluwa amvetsetse. Mukatha tinyamuke, mukanenenso kwathu pachitsime, mwana wanu akumva."