Madontho Khumi ndi Asanu ndi Awiri

Mlongo wanga Mateyo tinafika naye kuchipatala m'mawa, ababa akupalasa njinga, ine ndili kumbuyo nditamufukata. Ali ndi zaka zinayi. Malungo anali atamugwira masiku atatu, ndipo dzulo lake anayamba kukana ngakhale madzi. Amayi anatsala kumudzi ndi khanda la masabata awiri.

Anatilandira ndi a Marcelina, enfermera, ndiye kuti nesi, amene anabwera kuchokera ku Tete chaka chatha. Kwathu amawanena kuti ndi ouma manja pa mankhwala. Sindikudziwa anayambitsa nkhaniyo ndani, koma ababa atangowaona anandinong'oneza: "Ndi omwe aja. Maso ako asachoke pamanja pawo."

A Marcelina anamuyika Mateyo pasikelo, makilo 13. Anamubaya mankhwala a malungo mumtsempha, kenako anapachika thumba la soro, madzi a diripi, pachitsulo. Asanatsegule anatenga bolopeni n'kulemba pakatoni ya magolovesi. Ndinasuzumira. Analemba 500, pansi pake 10 kuchulukitsa ndi 3, yankho 17. Anamata pulasitala m'mbali mwa thumba, n'kujambulapo timizere, kamzere kalikonse ndi ola lake, kuyambira 8 koloko mpaka 6 madzulo. Kenako anayang'ana wotchi, akupotoza kagudumu ka pachubu pang'onopang'ono mpaka madontho anayamba kugwa mmene iwo ankafunira.

"Madontho 17 pa mphindi," anatero. "Pasapezeke wokhudza apa. Mwandimva, bambo a Mateyo?"

"Tamva, anesi," ababa anayankha. A Marcelina atatuluka anatsonya. "Mwana wauma ngati chikopa, iwo akumupatsa madzi ngati akuthira mankhwala m'diso."

Ine kuyankhula kumandivuta, ngakhale kusukulu mpaka ndinamaliza desima, kalasi ya khumi, ndisanakwezepo dzanja. Koma ndinali ndi kaderno yanga, kabuku kolembamo, m'chikwama, ndipo 3 uja ankandivutitsa. Wachokera kuti? Ndinatola pepala la chubu lomwe anataya pansi. Panalembedwa kuti madontho 20 ndi mililita imodzi. Ola lili ndi mphindi 60. Kugawa 60 ndi 20 kunandipatsa 3. Ndiye kuti sanapeke. Komabe ndinaganiza kuti munthu angathe kulemba masamu olondola n'kuchita zina ndi dzanja, choncho ndinatenga telefoni ya ababa yoonera mphindi n'kuwerenga madontho ndekha. Anakwana 17. Ndinawerenganso, 17. Ndinalemba m'kaderno ndi nthawi yake.

Pabedi loyandikana nalo panagona bambo wina wotupa mwendo, ndipo mkazi wake, a Margarida, anali atakhala pamphasa akusenda mtedza.

"Taonani, a dotolo afika," anatero akundiloza ndi chibwano. "A dotolo, mukamaliza uko mudzaonenso mwendo wa achimwene anuwa. Mwina mungaupezere masamu."

Ndinangowerama.

Cha m'ma 9 ababa anandituma kukatunga madzi kumjigo kuseri kwa chipatala. Panali mzere. Nditabwerera ndinapeza Mateyo akugonabe, ababa atapita panja, a Margarida akusesa makoko awo. Ndinayang'ana kabotolo koonekera kamene madontho amagweramo. Ankathamanga. Ndinawerenga: 58.

Ndinaima pamenepo sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Kodi a Marcelina anabwera n'kusintha? Mwina zimakhala choncho, ola lachiwiri amawonjezera. Ndikapita kukawafunsa adzati ndine yani. Ndinalemba 58 m'kaderno n'kukhala pansi.

A Marcelina anabwera okha 10 koloko itakwana. Anayang'ana pulasitala, madzi anali atafika pakamzere ka 12. Anatseka kagudumu msangamsanga n'kutembenuka.

"Wakhudza ndani?"

Ababa anali atalowa, ataima pakhomo.

"Iwe mtsikana, dzina lako?"

"Elsa."

"Elsa, ndakuona kuyambira m'mawa ukuzungulira soro ameneyu. Ukufuna kuphunzira ntchito pa mlongo wako?"

"Ayi."

"Ayi chiyani? Kweza mawu."

"Sindinakhudze."

"Mwina chitsulo chanucho ndi chofooka, anesi," ababa anatero. "Zinthu za masiku ano zimatseguka zokha."

A Marcelina anawayang'ana, anandiyang'ananso ine. Anamvetsera pachifuwa pa Mateyo, anatenga bolopeni n'kuwerengetsanso. Panatsala mamililita 300 ndi maola 8. Anagawa 300 ndi 24, n'kutchera madontho 12.

"Tsopano atsitsanso," ababa anatero iwo atachoka. "Waona? Akufuna thumba limodzi likwane tsiku lonse, ena aja asunge. Amadziwa kumene amapita nawo."

"Paja anthu a m'tauni," a Margarida anawonjezera. "Ife kuno amationa ngati mbuzi."

Ndinayamba kuwakayikira a Margarida. Ndi iwo anatsala m'chipindamo pamene ine ndinali kumjigo. Anali atadzuka, tsache lili m'manja, pafupi ndi chitsulo. Mwina anagunda chubu posesa. Mwina anachita dala, kuti aone ngati "a dotolo" azindikira. Ndinasuntha mpando wanga n'kukhala pakati pa iwo ndi bedi la Mateyo. Anaseka.

"Ukundilondera ine? Ine mwana wa eni ndimutani?"

Koma a Marcelina nawonso sindinawachotse m'mutu. Anandikalipira msanga kwambiri, ngati munthu amene wapeza pomutsamiritsa mlandu. Bwanji ngati anasintha okha ali pachangu, n'kuiwala?

Itakwana 11 ndinawerenga, 12. Ababa anatulutsa chimanga chootcha m'thumba, anandipatsa theka, kenako anati ndipite kumsika ndikagule sopo ndi shuga wa phala.

"Mateyo sakudya," ndinatero.

"Akadzuka adya. Pita."

Ndinatuluka. Ndili pakhonde ndinakumbukira kuti m'mawa madzi analimo m'chigubu, theka lathunthu, pamene ankandituma kumjigo. M'malo molunjika kugeti ndinazungulira kuseri, kumene kuli zenera la chipindacho, n'kuima pambali pa mtengo wa papaya.

A Margarida anali atatembenukira kwa amuna awo. Ababa anadzuka, anasuzumira pakhomo, anabwerera. Anaika chala chachikulu pakagudumu n'kukakankhira m'mwamba mpaka kumapeto. Kenako anagwira thumba la soro ndi manja awiri n'kulifinya pang'ono, akuyang'ana nkhope ya Mateyo. Milomo yawo inkagwedezeka ngati akupemphera.

Kumsika ndinapitabe. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndinapita. Ndinagula sopo ndi shuga, ndikudziuza kuti ababa ndi akulu, anaona zambiri, mwina akudziwa. Pobwerera ndinathamanga.

Mateyo anali atasintha. Zikope zinali zitatupa, ankapuma mofulumira, nthiti zikulowa mkati, ndipo pakhosi pankamveka ngati madzi akuwira patali. M'thumba munatsala pang'ono pansi. Madontho anali atabwerera mwakale, akugwa mwaulesi ngati palibe chinachitika.

"Akutuluka thukuta, ndiye kuti malungo akuchoka," ababa anatero, koma mawu awo sanali olimba.

Ndinapita kukawaitana a Marcelina. Anali kubaya ana katemera pakhonde lina. Ndinangoti, "Akupuma moipa," ndipo anasiya zonse.

Anatseka soro, anamudzutsa Mateyo kuti akhale tsonga, anamvetsera kumsana mbali zonse ziwiri. Anayang'ana thumba, anayang'ana madontho amene anali atangowatseka.

"Ndimvereni bwino," anatero. Sanakweze mawu. "Mwanayu akhoza kukhala ndi chibayo, kapena magazi amuchepera, kapena madzi amuchulukira m'mapapo. Chilichonse chili ndi mankhwala ake, ndipo ndikalakwitsa ndimupweteka. Thumba ili likuonetsa kuti madzi apita. Ngati latayikira pansi kapena pabedi, ndiuzeni. Ngati alowa m'thupi, ndiuzeni alowa nthawi yanji."

Anapapasa nsalu ya pabedi. Inali youma.

A Margarida anayang'ana mtedza wawo. Ababa anayang'ana panja. Kwathu mwana sanena za bambo ake kwa mlendo, iwo ali pomwepo. Ndinatsegula kaderno n'kuwapatsa a Marcelina, poganiza kuti manambala andiyankhulira.

"Eyiti koloko 17. Hafu pasiti naini 58. Leveni koloko 12," anawerenga. "Unaona 58 osandiuza?"

"Ndinkaganiza kuti ndinu."

"Nanga itadutsa 11?"

Mateyo anakhosomola, kukhosomola konyowa.

"Anatsegula mpaka kumapeto," ndinatero. "Hafu pasiti leveni. Anafinyanso thumba. Ndinaonera pazenera."

"Ndani?"

"Ababa."

A Marcelina sanawayang'ane n'komwe. Anathamanga kukatenga kabotolo ka jekeseni, analemba 13 pakatoni paja, anachulukitsa, anakoka mankhwala pang'ono kwambiri m'sirinji, anaikweza kuwala kuti aone kamzere, kenako anabaya pang'onopang'ono. Anamuyika Mateyo kachubu ka mpweya m'mphuno.

"Amenewa amutulutsa madzi," anatero. "Akakodza m'ola limeneli, tapulumuka. Akapanda kutero ndiitana ambulansi. Elsa, ika dzanja pamimba pake, uziwerenga kupuma kwake pa mphindi. Uzindiuza mokweza, osati m'kaderno."

Ndipamene ababa anayankhula, atagwira chitsulo cha bedi.

"Ine ndinadwala kolera kumsasa, ku Malawi, nthawi ya nkhondo. Ndinali ndi zaka khumi. Anandiika madiripi awiri, uku ndi uku, mzungu akufinya thumba ndi manja. Ndinadzuka. Mlongo wanga anamuyika imodzi yodontha ngati iyi, chifukwa manesi anali ochepa. Tinamuika m'manda komweko. Ndiye inu mukandiuza kuti madontho 12..."

"Kolera imakhuthula munthu ngati chidebe chobooka, bambo," a Marcelina anatero, maso ali pa Mateyo. "Pamenepo timathira mothamanga, n'zoona. Ndikanakhala ine ndikanafinyanso. Uyu sakutsegula m'mimba. Madzi onse mwamupatsawa alibe kotulukira."

"Mukanandiuza."

"Mukanandifunsa. Tulukani kaye panja."

Anatuluka. Ine ndinawerenga. 56. Patapita kanthawi 54. A Margarida anabwera mwakachetechete n'kundiikira mtedza pambali. A Marcelina ankalowa ndi kutuluka, ndipo nthawi iliyonse ndinkanena nambala mokweza, mawu anga akundidabwitsa ndekha. Itatsala pang'ono kukwana 1 koloko ndinamva kutentha pantchafu. Mateyo anali atanyowetsa nsalu yonse, mpaka kudonthera pansi.

"Ameneyo ndiye mwamuna," a Margarida anatero. "Wakodzera a dotolo."

A Marcelina anamvetseranso kumsana, nthawi yaitali. Anati kupuma kukafika pansi pa 40 ndikawaitane, ndipo soro sabwezeretsa mpaka madzulo. Anakulunga kagudumu ndi pulasitala kawiri konse n'kusainapo dzina lawo.

Cha m'ma 3 ndinatuluka kukachapa nsalu. Ababa anali atakhala pansi pafupi ndi njinga, akuthothola udzu. Ndinafuna kudutsa, koma anandiitana.

"Ali bwanji?"

"Wafika 38. Wapempha madzi."

Anagwedeza mutu. Ine ndinaimabe ndi beseni.

"Ukanabwera kwa ine kaye," anatero. "Osati pamaso pa anthu."

"Ndinkaopa."

"Amayi ako ndikawauza ndekha. Iwe usayambe."

"Chabwino, ababa."

Ndinayamba kuyenda. Anandiitananso, motsitsa mawu, akuyang'ana kukhomo la chipatala.

"Jekeseni wachiwiri uja, unaona zimene analemba pakatoni?"

"Ndinaona."

"Ukawerengetsenso wekha. Mayi ameneyu sindinamukhulupirirebe."