Difu ya Alamu Anga

Ndayendetsa galimoto m'mayiko ambiri, moti pasipoti yanga yoyamba inatha masamba tsitsi lisanayambe kundithawa. Ndadutsa pamchenga, pamadzi oundana, ndi m'misewu ya m'mapiri imene ukasuzumira pansi umayamba kupemphera. Lero ndili ndi malole anga ndi bwalo langa lowasungira. Koma chimene ndimadzitamandira nacho kwambiri n'chakuti palibe khona imene inandiseka ine osadzaibwezera.

Yamwano kuposa zonse inali Chigongono.

Kalelo, kuseri kwa fakitale ya njerwa kunali bwalo la fumbi kumene ife okonda liwiro tinkapikisana Loweruka. Panalibe katswiri pakati pathu. Wina anali wometa, wina mphunzitsi, ine ndinkagulitsa mabatire akale. Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ankakonza mafiriji, ndipo ndiwo ankapambana kawirikawiri. Galimoto yawo ndi yanga zinali zamtundu umodzi, zokalamba mofanana. Kusiyana kunali kunsi.

Pakati pa matayala akumbuyo pamakhala bokosi la magiya lotchedwa difu, limene limagawa mphamvu ya injini. Difu wamba ili ndi khalidwe loipa: mphamvu imaipereka kwa tayala lomwe lapepukidwa. Ndikalowa mu Chigongono, khona yopindika ngati dzina lakelo, galimoto inkapendekera kunja, tayala lamkati n'kupepuka. Ndikaponda moto, tayalalo linkangozungulira pamodzimodzi n'kumamwaza fumbi, injini ikukuwa, ine osasuntha. Alamu ankandidutsa pomwepo, dzanja lili panja kundibayibitsa.

Iwo anali ndi difu ya mapuleti, imene anaichotsa pa galimoto ina yochita ngozi. Tayala lina likayamba kuterereka, mapuletiwo amagwirana n'kukankhira mphamvu ku linzake, koma amalolabe lakunja kuthamangako pang'ono kuposa lamkati. Inali imodzi yokha pagulu lathu lonse, ndipo ankaisamala kuposa mafiriji a makasitomala.

Ine ndinachita zimene amphawi ena ankachita. Ndinawotcherera magiya a m'difu kuti matayala onse awiri azizungulira limodzi. Potuluka m'khona galimoto inayamba kulumpha ngati yalumidwa ndi mavu, koma polowa inkakana kukhota. Ndikapinda chiwongolero, mphuno inkalunjikabe kumpanda.

"Alamu, matayalawa mwawakwatitsa mokakamiza," anatero iwo atasuzumira kunsi. "Banja limeneli silifika Khirisimasi."

"Inu nanga achemwali anga munawafunsira mwaulemu?"

"Mwaulemu kwambiri. N'chifukwa chake aliyense amayenda liwiro lake, koma tikafika poterera timagwirana."

Kenako tinamva kuti bwalo lagulidwa, amangapo nyumba. Mpikisano wa Loweruka lotsatira unali womaliza. Ine ndinali nditapeza ntchito pa sitima yapamadzi, ndinkanyamuka Lolemba, ndipo ndinali ndisanapambanepo ngakhale kamodzi. M'mawa wa Lowerukalo, tikuyeserera, ndinalowa mu Chigongono ndi ukali wonse. Kunsi kunamveka phokoso ngati wina wagwetsa bokosi la masipanala. Shafiti, chitsulo chozunguza tayala, inathyoka, difu yanga yowotchererayo n'kung'ambika, mafuta ali chuchuchu pafumbi.

Ndinakhala patayala lakale, manja ali m'mutu. Alamu anabwera akukoka jeke.

"Dzukani, mundithandize kukweza yangayi."

"Yavuta chiyani?"

"Palibe. Tichotse difu ndi shafiti, tiike kwanu."

"Nanga inu muthamanga ndi chiyani?"

"Ndi maso. Tamverani alamu, ine ndimakudziwani. Mukachoka muno musanapambane, mukanamiza dziko lonse kuti munapambana. Bola mupite ndi nkhani imodzi yoona. Koma si mphatso. Mpikisanowu ndi wozungulira kakhumi, ndipo maulendo khumiwo ndi anga. Mudzandibwezera."

Tinagona kunsi kwa galimoto ziwirizo mpaka dzuwa litapendeka, achemwali akutipatsira masipanala uku akutinyoza tonse awiri. Pomanga nati yomaliza alamu anati, "Iyi si yowotcherera, musamaiponye cham'mbali. Lowani mofatsa. Mphuno ikangoloza potulukira, pondani moto, ndipo musachotse phazi ngakhale mtima ukuuzeni."

Ulendo woyamba ndinaiwala zonse. Ndinaiponya monga mwa chizolowezi, kumbuyo kunatembenuka, ndinatsala pang'ono kuyang'anizana ndi amene ankanditsatira. Wometa anandidutsa, mphunzitsi nayenso. Ulendo wachiwiri ndinaona alamu ataima pamulu wa njerwa pambali pa Chigongono, akupondaponda pansi ndi phazi lamanja ngati akupha chinkhanira. Ndinalowa mofatsa, ndinadikira mphuno, n'kuponda. Kumbuyo kunagwedezeka, phazi linafuna kuthawa, koma ndinalikanikiza. Matayala onse awiri analuma nthaka, mpando unandikankha pamsana, ndipo Chigongono inatsala m'galasi ikudya fumbi langa. Ndinaseka ndekha m'chipewa changa chachitsulo ngati wamisala. Mphunzitsi ndinamudutsa pomwepo ulendo wotsatira. Wometa anavuta, koma pomaliza penipeni tayala lake lamkati linamuchita zomwe linkandichita ine. Ndinatulutsa dzanja n'kumubayibitsa.

Difu ndinaibweza Lamlungu, Lolemba n'kukwera sitima. Nkhani ya tsiku limenelo ndaifotokoza m'madoko ambiri, ndipo sindinawonjezepo kanthu, kupatula mwina kutalika kwa fumbi.

Pamene panali Chigongono lero pali khitchini ya munthu. Alamu anakalamba, maso achita chifunga, ndipo pamsewu anawaletsa kuyendetsa. Chaka chatha ndinalemba ganyu thalakitala kuti ilime bwalo kuseri kwa malo anga a malole, khona yake yofanana ndi ija. Galimoto yawo yakale, imene inali itagona m'galaja pansi pa zitseko za mafiriji, ndinaidzutsa, difu yomwe ija ili kunsi.

"Mukandiphera mwamuna, achimwene, mudzandigulira wina," anatero achemwali.

"Wabwinopo," ndinayankha, n'kuwatsegulira alamu chitseko cha woyendetsa.

Ndinakhala pambali pawo kuti ndiziwauza pokhota. Sizinafunike. Anayamba pang'onopang'ono ngati akupita kumaliro. Koma titafika pakhona anadikira mphuno n'kuponda moto, mpando n'kutikankha tonse awiri. Ndinagwira chitseko.

"Mukuopa, alamu?"

"Ayi, ndikungofuna kuona ngati chitsekochi chatsekeka bwino."

Alamu ankawerenga okha maulendo mokweza nthawi iliyonse tikadutsa pamene achemwali anaima. Atamaliza anaimitsa galimoto, n'kuzimitsa injini, manja ali pachiwongolero pomwepo. Fumbi linatipeza n'kulowa pawindo.

"Muwonjezere kamodzi," ndinatero. "Chiwongoladzanja."

"Ayi," anatero alamu akundipatsa makiyi. "Munabwereka khumi, mwabweza khumi."